Kodi mizere ingakhale congruent, kapena ndi zidutswa zake zokha?

Malume_wa_ku_Dedza analemba:

Ndikupereka moni kwa nonse a pa bwalo lino, makamaka aphunzitsi a masamu. Chaka chino ndikusunga mwana wa mlongo wanga, mtsikana amene ali fomu 3, ndipo madzulo tikatha kudya timakhala pa tebulo kuona ntchito imene wapatsidwa ku sukulu. Ine ndinamaliza sekondale kalekale, koma masamu ndinkawakonda, moti pa aljebra ndimamuthandiza popanda vuto. Pamene ndakakamira ndi pa jometiri, makamaka mafunso amene amafuna kuti wophunzira apereke umboni wakuti chinthu chakutichakuti n'choona.

Sabata yatha anapatsidwa funso lakuti madontho anayi, A, B, C ndi D, ali pa mzere umodzi wowongoka motsatizana chomwecho, ndipo AB = CD; atsimikize kuti AC = BD. Mwanayo anajambula mzere mwaukhondo, anaika madonthowo, anatenga rula n'kuyeza, ndipo anapeza kuti AC ndi masentimita 7.2, BD nayonso masentimita 7.2. Analemba manambala awiriwo n'kudula mzere pansi. Kope litabwerako anapeza atapatsidwa ziro, ndipo m'mbali munalembedwa ndi cholembera chofiira kuti kuyeza si umboni. Anafika pakhomo nkhope ili gwa, n'kundifunsa kuti ngati rula yasonyeza kuti n'zolingana, aphunzitsi akufunanso chiyani. Ndinayesa kumuyankha, koma ndinamva ndekha kuti yankho langa silinali kugwira.

Usiku womwewo ndinafufuza pa intaneti pa foni, ndipo m'malo mopeza mpumulo ndinawonjezera chisokonezo. Masamba ambiri amene ndinatsegula, omwe akuoneka kuti ndi a ku America, salemba AB = CD monga buku la mwanayu. Iwo amaika kamzere pamwamba pa zilembo ziwirizo, n'kugwiritsa ntchito chizindikiro cha ≅, ndipo amati zidutswazo ndi congruent. Pena ndinaonanso atalemba kuti congruent lines, pena congruent line segments, ngati kuti ndi chinthu chimodzi. Buku la mwanayu limagwiritsa ntchito mawu akuti congruent pa mathirayango okha, ndi chizindikiro cha mizere itatu, ≡. Ndiye ndikufuna kudziwa ngati mizere iwiri ingakhaledi congruent kapena mawuwa ndi a zidutswa zokha, ngati pali kusiyana kwenikweni pakati pa kulemba = ndi kulemba ≅, komanso chimene ndingamuuze mwanayu pa nkhani ya rula ija kuti asaone ngati aphunzitsi ake anangomukhomerera.

Mphunzitsi_Wopuma anayankha:

Bambo a ku Dedza, mwachita bwino kufunsa, ndipo ndivomere poyambirira kuti ziro wa mtundu umenewo ndinapereka kwa ana ambiri pa zaka zimene ndinali pa choko. Mwanayo sanalakwiridwe, komanso si wopepera ayi, chifukwa kuyeza ndi nzeru imene munthu aliyense amayamba nayo.

Ndiyambe ndi mzere ndi chidutswa. Mu jometiri, mzere wowongoka ulibe poyambira ndipo ulibe pothera; umapitirira mbali zonse ziwiri, ndipo tikautchula kuti mzere AB, madontho awiriwo angoupatsa dzina basi. Chidutswa AB ndi gawo lokhalo la mzerewo limene lili pakati pa A ndi B, kuphatikizapo madontho awiriwo, ndipo chifukwa chakuti chili ndi nsonga ziwiri, chili ndi utali. Zinthu ziwiri timati ndi congruent ngati chimodzi chinganyamulidwe, kuzunguliridwa kapena kutembenuzidwa, n'kuikidwa pamwamba pa chinzake mpaka kukwana ndendende, popanda kuchikoka kapena kuchifinya. Tsono taganizirani mizere iwiri yopanda malire. Mzere uliwonse mungaunyamule n'kuugoneka pa unzake, ndipo udzakwana, popeza palibe nsonga imene ingatsale kunja. Choncho mizere yonse ndi congruent, ndipo kunena zimenezi za mizere iwiri kuli ngati kunena kuti madzi a m'ndowa ziwiri onse ndi onyowa: n'zoona, koma simunatiuze kanthu. Amene analemba congruent lines pa tsamba limene munaonalo ankatanthauza zidutswa, anangofupikitsa mawu mosasamala. Pa zidutswa m'pamene mawuwa ali ndi ntchito, chifukwa zidutswa ziwiri zimakwanirana pokhapokha utali wake uli umodzi. Muuzeninso mwanayo kuti zidutswazo sizikusowa kuloza mbali imodzi. Ana ambiri amasokoneza congruent ndi parallel (mizere yoyenda limodzi osakumana), mwina chifukwa zonse timazisonyeza ndi timizindikiro pa chojambula, koma chidutswa chogona ndi china choimirira zikhoza kulingana bwinobwino, ndipo zidutswa ziwiri za parallel chimodzi chikhoza kukhala chachitali kuposa chinzake.

Za zizindikiro, a ku America amasiyanitsa chinthu ndi muyeso wake. AB wokhala ndi kamzere pamwamba ndi chidutswa chenichenicho, pamene AB wopanda kamzere ndi nambala ya utali wake. Manambala ndiwo amalingana ndi chizindikiro cha =, pamene zinthu zojambulidwa zimakhala ≅. Mabuku athu anatsata kalembedwe ka ku Britain, kamene kamangolemba AB = CD, wowerenga n'kudziwa yekha kuti tikunena za utali. Palibe amene walakwa, ndipo mwana amene akukonzekera MSCE alembe monga momwe buku lake ndi aphunzitsi ake akulembera, asatenge kalembedwe ka pa intaneti n'kukasakaniza.

Pali kamsampha kena kamene kali m'chilankhulo chathu chomwe. Tikamafotokozera mwana m'Chichewa timathamangira mawu akuti kufanana, koma kufanana kumanyamula zinthu ziwiri zimene masamu amazilekanitsa. Chithunzi chanu chaching'ono cha pa chiphaso ndi chachikulu chimene chapachikidwa pa khoma n'zofanana, koma simungaike chimodzi pa chinzake n'kukwana. Zimenezo ndi zimene buku limati similar. Ine m'kalasi ndinkasunga mawu akuti kufanana pa similar, ndipo pa congruent ndinkati kulingana ndendende.

Tsopano rula. Vuto loyamba n'lakuti rula imangoyandikira choonadi. Pamene mwanayo anawerenga 7.2, chidutswa chimodzi chikanatha kukhala 7.21 ndipo china 7.23, diso osaona, pakuti ngakhale nsonga ya pensulo ili ndi kunenepa kwake. Vuto lachiwiri ndilo lalikulu. Funsolo silinanene kuti AB ndi yaitali bwanji, kapena kuti B ndi C atalikirana motani. Likunena za madontho anayi aliwonse amene akwaniritsa zimene zaperekedwazo, ndipo madontho otere ndi osawerengeka. Mwanayo anayeza chojambula chimodzi, chake chomwe, ndipo ngakhale akanayeza zojambula chikwi, chikanatsalabe china chimene sanachiyeze.

Umboni wake ndi waufupi kwambiri. Popeza B ali pakati pa A ndi C, AC = AB + BC. Popeza C ali pakati pa B ndi D, BD = BC + CD. Tapatsidwa kuti AB = CD. Tikawonjezera BC mbali zonse ziwiri timapeza AB + BC = CD + BC, kutanthauza kuti AC = BD. Mulibe nambala ngakhale imodzi m'menemo, ndipo n'chifukwa chake umboniwu ukugwira pa chojambula chilichonse, chachikulu ngati bwalo la mpira kapena chaching'ono ngati chikhadabo. Mukafuna kuti aone ndi maso, thyolani timitengo tiwiri tolingana ndi kena kachitatu ka utali uliwonse, mutindandalike kachitatuko kali pakati. Abise ka kumanja ndi dzanja, aone chotsala. Kenako abise ka kumanzere. Adzaona kuti nthawi zonse watsala ndi kapakati kaja ndi kamodzi mwa tiwiri tolinganato.

Wa_Masamu_ku_Zomba anayankha:

Aphunzitsi afotokoza bwino moti sindibwerezanso, koma ndikufuna kuwonjezera za kumene kusiyana kwa kalembedweku kunachokera, chifukwa si nkhani ya chizolowezi chabe.

Jometiri ya maumboni imene timaphunzira ku sekondale mizu yake ili m'buku la Euclid lotchedwa Elements, limene linalembedwa ku Alexandria zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe. Chodabwitsa kwa ife a masiku ano n'chakuti Euclid sapereka nambala ya utali kwa chidutswa chilichonse. Akanena kuti zidutswa ziwiri n'zolingana, sakunena kuti anayeza n'kupeza nambala imodzi, koma akudalira mfundo zochepa zimene anaziika kumayambiriro kwa bukulo monga zinthu zimene munthu aliyense wanzeru angavomereze. Yoyamba imati zinthu zolingana ndi chinthu chimodzi n'zolinganso zokhazokha. Yachiwiri imati zolingana zikawonjezeredwa ku zolingana, zotuluka zake n'zolingana, ndipo imeneyi ndiyo yeniyeni imene aphunzitsi agwiritsa ntchito powonjezera BC mbali zonse. Yachitatu ndi ya kuchotsera, ndipo yachinayi imati zinthu zimene zikwanirana chimodzi chikaikidwa pa chinzake n'zolingana. Panali chifukwa chomveka chopewera manambala. Agiriki ankadziwa kale kuti ngati mbali ya sikweya ndi muyeso umodzi, chidutswa chodutsa pakati kuchokera pa kona kufika pa kona inzake sichingalembedwe ngati nambala yathunthu kapena fulakishoni iliyonse. Lero timangolemba √2, koma iwo analibe manambala otere, pamene chidutswacho chinali pomwepo, chooneka ndi maso.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi mfundo yachiwiri imene Euclid akuitsimikiza m'buku loyamba. Ntchito yake yonse ndi kusamutsa utali wa chidutswa kuchoka pamene chili kupita pa dontho lina. Mwana wa fomu 1 amachita zimenezi m'kamphindi: amatsegula kampasi pa chidutswacho, n'kuinyamula, n'kukaibaya pena. Koma malamulo a Euclid amangolola kujambula seko pamene wapatsidwa pakati pake ndi pofikira pake, ngati kuti kampasiyo imadzitseka yokha ukangoichotsa pa pepala. Choncho anayenera kumanga thirayango ya mbali zitatu zolingana ndi maseko ena awiri kuti asonyeze kuti kusamutsako n'kotheka. Munthu amene anavutika chonchi pa chinthu chimene ife timachiona chopepuka sakanalandira 7.2 wa pa rula.

Komabe Euclid yemweyo anali ndi pofooka. Pofuna kutsimikiza lamulo limene timalitcha SAS, lakuti mathirayango awiri amalingana ndendende ngati mbali ziwiri ndi ngodya ya pakati pake zili zolingana, lomwe ndi mfundo yachinayi ya buku loyamba, ananyamula thirayango imodzi n'kuiika pa inzake, pamene sananenepo m'malamulo ake kuti zojambula zinganyamulidwe osasintha. Akatswiri a m'mbuyo mwake anadandaula nazo kwa nthawi yaitali, mpaka David Hilbert wa ku Germany mu 1899 anakonza maziko atsopano. Iye anatenga kulingana kwa zidutswa ngati chinthu choyambira chimene sichimasuliridwa ndi china, n'kuchipatsa malamulo akeake, kuphatikizapo lamulo la kulumikiza zidutswa zolingana, ndipo chimake cha SAS anangochiika pakati pa malamulo oyambira m'malo moyesa kuchitsimikiza. Kenako mu 1932 George Birkhoff wa ku America anadzera njira ina: anayamba ndi manambala, kunena kuti madontho a pa mzere uliwonse angapatsidwe manambala monga a pa rula, ndipo utali ndi kusiyana kwa manambala awiri. Mabuku ambiri a sekondale a ku America anatsata maganizo amenewa, ndipo n'chifukwa chake maumboni awo amayamba ndi ≅, n'kusinthira ku =, n'kuwerengera, kenako n'kubwereranso ku ≅, zimene kwa ife zimaoneka ngati kuzungulira nyumba pofuna kulowa pa khomo limene uli nalo pafupi. Koma dziwani kuti rula ya Birkhoff ndi ya m'maganizo, yopanda cholakwa ndi yopanda malire, osati ya pulasitiki ya m'bokosi la masamu.

Kanthu kena kongosangalatsa: chizindikiro cha = chimene tikukambachi anachiyambitsa ndi Robert Recorde wa ku Wales mu 1557, ndipo chifukwa chimene anapereka n'chakuti palibe zinthu ziwiri zolingana kuposa timizere tiwiri togona limodzi ta utali umodzi. Chizindikirocho pachokha ndi zidutswa ziwiri za congruent.

Mmisiri_wa_Matabwa anayankha:

Ine si wa masamu, ndimapala matabwa, koma nkhaniyi yandikhudza chifukwa zimene mukunenazi timazichita tsiku ndi tsiku osadziwa dzina lake. Ndikamadula miyendo ya tebulo sindiyeza uliwonse ndi tepi. Ndimayeza woyamba, n'kuudula bwino, kenako ena atatuwo ndimawalemba pougoneka woyambawo pamwamba pake. Nambala ndimaiwala msanga, chimene ndikufuna n'chakuti miyendo ilingane kuti tebulo lisagwedezeke.

Koma pa mfundo ija yakuti zolingana ndi chinthu chimodzi n'zolingana zokhazokha, ndili ndi mawu. Mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa ntchito anadula mwendo wachiwiri poyezera woyamba, wachitatu poyezera wachiwiri, wachinayi poyezera wachitatu. Pa pepala zikanayenera kulingana zonse, koma titaimika wachinayi pambali pa woyamba panali kusiyana kooneka, chifukwa pa kudula kulikonse pensulo ndi sowo zimawonjezera kapena kudya pang'ono. Choncho ndikugwirizana ndi aphunzitsi kuti dzanja ndi diso zimangoyandikira.

Funso langa ndi ili. Ndikamanga felemu ya chitseko, ndisanakhomerere ndimatenga chingwe kapena kathabwa kowonda, n'kuyeza kuchokera pa kona ya m'mwamba kumanzere kufika pa kona ya m'munsi kumanja, kenako mbali inayo. Zikalingana ndimadziwa kuti felemu yakhala sikweya, zikasiyana ndimaikankha pang'ono mpaka zilingane. Anandiphunzitsa choncho amene anandiphunzitsa ntchito, ndipo sizinandinamizepo. Kodi zimenezi zili ndi umboni wa mtundu umene mukukambawu, kapena ndi nzeru ya amisiri chabe?

Malume_wa_ku_Dedza anayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Za timitengo zija tachita dzulo ndi mabango, ndipo mwanayo anamvetsa nthawi yomweyo, mpaka analemba umboniwo yekha. Koma wandibweretsera mafunso ena awiri amene ndikuwapereka kwa inu, aphunzitsi. Loyamba, akuti n'chifukwa chiyani m'maumboni a mathirayango amalemba mzere wonse wonena kuti mbali yakuti ndi common, ngati kuti pali amene angakayike kuti chinthu n'cholingana ndi icho chomwe. Lachiwiri, akuti mawu aja akuti B ali pakati pa A ndi C ndi ongotalikitsa nkhani, popeza aliyense akuona pa chojambula. Ine ndinamuuza kuti alembe basi chifukwa ndi mmene amafunira, koma ndikudziwa kuti limenelo si yankho.

Mphunzitsi_Wopuma anayankha:

Funso la amisiri ndi funso loyamba la mwanayo ndiziyankha pamodzi, chifukwa limodzi likuyankha linzake. Amisiri, nzeru yanuyo ili ndi umboni wolimba. Tiyeni makona a felemu tiwatche A ndi B m'munsi, C pamwamba pa B, ndi D pamwamba pa A. Yang'anani mathirayango awiri, DAB ndi CBA. Mbali DA ndi yolingana ndi CB chifukwa matabwa awiri oimirira munawadula molingana. DB ndi yolingana ndi CA chifukwa chingwe chanu chatero. Kuti tigwiritse ntchito lamulo la SSS, lakuti mathirayango awiri amalingana ndendende ngati mbali zonse zitatu zili zolingana, tikufunika mbali yachitatu, ndipo mbali yachitatuyo ndi AB, thabwa la m'munsi, limene likugwira ntchito m'mathirayango onse awiri. Pamenepo m'pamene timalemba kuti AB ndi common. Sitikuuza munthu nkhani yachilendo yakuti thabwa n'lolingana ndi ilo lomwe. Tikuwerenga kuti zofunika zitatu zakwana, ndipo tikusonyeza kumene chachitatucho chachokera. Wopanda kulemba mzere umenewu wapereka mbali ziwiri zokha, ndipo mbali ziwiri sizimanga thirayango. Mathirayango aja akalingana, ngodya ya pa A ndi yolingana ndi ya pa B. Popeza matabwa oyang'anizana onse ndi olingana awiriawiri, felemuyo ndi parallelogram, ndipo ngodya ziwiri zoyandikana zimakwana madigiri 180 pamodzi, choncho iliyonse ndi 90. Chenjezo ndi limodzi: chingwe chimanena zoona pokhapokha thabwa la m'mwamba lili lolingana ndi la m'munsi. Likakhala lalifupi, oimirira aja n'kupendekera m'kati mofanana, chingwe chidzalinganabe mbali zonse koma chitseko sichidzalowa.

Funso lachiwiri la mwanayo ndilo ndikufuna kukhalapo pang'ono, chifukwa iye wakhudza malo amene ngakhale akatswiri anapunthwapo. Choyamba ayese izi. Pa mzere aike A pa 0, B pa 3, D pa 5 ndi C pa 8. AB ndi 3, CD nayonso ndi 3, ndiye zimene tinapatsidwa zija zakwaniritsidwa. Koma AC ndi 8 pamene BD ndi 2. Chimene chasintha ndi dongosolo la madontho lokha, ndipo mfundo yonse yagwa. Kutsatizana kwa A, B, C, D sikunali kokongoletsa funso, kunali theka la funsolo.

Tsono pali umboni wabodza wotchuka umene ndinkakonda kuwapatsa a fomu 4, wosonyeza kuti thirayango iliyonse ili ndi mbali ziwiri zolingana. Tengani thirayango ABC iliyonse. Jambulani mzere wogawa pakati ngodya ya pa A, ndi mzere wina woimirira pa BC wodutsa pakatikati pake. Pamene ikumana patcheni O. Kuchokera pa O gwetsani mzere woimirira pa AB, ufike pa P, ndi wina woimirira pa AC, ufike pa Q. Mathirayango AOP ndi AOQ ndi olingana ndendende, chifukwa ngodya za pa A n'zolingana, pa P ndi pa Q pali madigiri 90, ndipo AO ndi common. Choncho AP = AQ ndipo OP = OQ. Komanso OB = OC, popeza O ali pa mzere wogawa BC pakati moimirira. Ndiye mathirayango OPB ndi OQC ndi olingana mwa lamulo la RHS (ngodya ya madigiri 90, mbali yoyang'anizana nayo ndi mbali ina imodzi zikalingana), kutanthauza kuti PB = QC. Tsopano wonamayo amati AB = AP + PB, ndipo AC = AQ + QC, choncho AB = AC.

Ana ankatha phunziro lonse akufunafuna cholakwa m'mathirayango aja, koma mulibe. Kulingana konse kumene ndatchula n'koona: AP ndi AQ n'zolinganadi, PB ndi QC n'zolinganadi. Bodza lili pa kuphatikiza kotsiriza, ndipo limalowa kudzera pa chojambula cha pamanja chimene chimaika O m'kati mwa thirayango. Mukajambula mosamala mudzapeza kuti O amagwera kunja, ndipo mwa P ndi Q, mmodzi amagwera pa mbali yeniyeni ya thirayango pamene mnzake amagwera kunja, pa mzere wotalikitsidwa. Mbali imodzi imakhala yophatikiza, inayo yochotsera. Euclid analibe malamulo onena kuti dontho ili lili pakati pa awa, ankangodalira chojambula, ndipo ndi Moritz Pasch mu 1882 amene anayamba kulemba malamulo a kukhala pakati momveka, Hilbert n'kudzawatenga pambuyo pake.

Bambo, mugulireni mwanayo pepala la magirafu achite yekha. Aike C pa (0, 0), B pa (8, 0) ndi A pa (0, 6), kuti AC ikhale 6, BC ikhale 8 ndipo AB ikhale 10. Apeze O, P ndi Q ndi kampasi ndi rula yake ija, pakuti pano rula ili ndi ntchito yoyenera, yofufuzira pamene maganizo asochera. Musamuuze chimene adzapeze.

Malume_wa_ku_Dedza anayankha:

Aphunzitsi, tachita monga munanenera. Poyamba mwanayo anajambula pamanja n'kuika O m'kati, ndipo anakhala nthawi yaitali akubwereza mathirayango aja mmodzimmodzi, akung'ung'udza kuti penapake pali chinyengo. Atatenga pepala la magirafu, O anagwera pa (4, −2), mabokosi awiri pansi pa BC. P anagwera pa AB penipeni, AP n'kukhala 8 ndipo PB 2, zimene zikupereka 10. Koma Q anagwera pa (0, −2), kupitirira C, moti AQ ndi 8, QC ndi 2, ndipo AC ndi 8 kuchotsapo 2. Anayang'ana kwa kanthawi, kenako anatenga kope lija la ziro, n'kulembanso umboni wa AC = BD pansi pa mawu ofiira aja, ndipo mzere woyamba analemba kuti B ali pakati pa A ndi C. Tsopano ayamba mutu wa maseko, ndipo funso la mawa ndi lotsimikiza kuti mzere wochokera pakati pa seko, woimirira pa chord (chidutswa cholumikiza madontho awiri a pa seko), umaigawa chord-yo pakati. Wapeza kale ma radius awiri olingana (zidutswa zochokera pakati kufika pa seko) ndi mbali imodzi ya common, koma akukangana ndi mnzake ngati lamulo lake ndi RHS kapena SAS, ndipo ndawauza kuti ayambe aona ngati ngodya imene ali nayo ili pakati pa mbali ziwiri zimene akuzidziwazo.